Shedi ya malata yodontha m'mawa ku Luwinga

Achimwene, mwafunsa ngati spray foam, thovu lopopera kunsi kwa malata lomwe limauma n'kumatirira, ingathandize shedi yanu ya ku Luwinga, yomwe mukuti imadontha m'mawa ngakhale mvula isanagwe, matumba a chimanga n'kumanyowa pamwamba. Ingathandize ndithu, koma muyambe mwadziwa kumene madziwo akuchokera, chifukwa ambiri amathamangira kusintha malata oti sanabooke n'komwe.

Mzuzu muno ndi kumtunda, ndipo usiku wa mu June ndi July malata amazizira msanga kuposa mpweya wa mkati. Mpweyawo uli ndi chinyezi, china chochokera m'chimanga momwemo, china chokwera kuchokera pansi ngati anathira simenti osayala pulasitiki. Ukangokhudza lata lozizira umasanduka madontho, monga limachitira botolo la Fanta lochokera mufiriji. Mukalowe mbandakucha ndi tochi. Mukapeza madontho ali ndandanda denga lonse, makamaka motsatira zitsulo zogwira malata, ndi thukuta la malata limenelo. Koma ngati pamadontha pamodzimodzi mvula ikagwa, pamenepo pabooka, ndipo mukonze kaye, musinthe misomali ndi timalabala take. Thovu likakwirira bowo, madzi amabisala kuseri, dzimbiri n'kumadya lata inu osaona.

Thovulo lilipo la mitundu iwiri, ndipo apa m'pamene anthu amapusitsidwa. La closed-cell ndi lolimba, mukalidina ndi chala silibonyoka, ndipo chinyezi sichilidutsa wamba. La open-cell ndi lofewa komanso lotchipa, koma limamwa madzi, mpweya wonyowa umadutsamo n'kukafikabe pa lata. Ndi chifunga cha kuno, ine la open-cell sindingalole n'komwe kuti lifike pa denga lachitsulo. Kontrakitala akamazemba kunena mtundu wake, akuonetseni zolembedwa pa migolo ya mankhwala.

Pothetsa madontho okha, thovu lochindikala mamilimita 25 limakwana. Ngati mukufunanso kuti masana a mu October musamawotche, mupite pa 50. Poti amalipiritsa pa sikweya mita, wakuba amabera pa kuchindikala. Akamaliza, tengani kawaya, mubaye m'malo angapo, makamaka pamwamba pa mizere ya lata ndi m'makona, muyeze ndi rula musanapereke ndalama yotsala.

Kontrakitala asapopere m'mawa malata akadali onyowa. Thovuli silimata pa madzi, pa fumbi, pa dzimbiri loyoyoka kapena pa mafuta amene amabwera ndi malata atsopano. Limaoneka ngati lagwira, pakapita miyezi n'kuyamba kumatuka mapisimapisi. N'chifukwa chake miyezi ya September ndi October ndiyo yabwino, osati nthawi ya mvula yathu yosatherapo ija. Mankhwala ake ndi awiri, amakumana pa mfuti yopoperayo, ndipo makina akapanda kuwasakaniza bwino thovu limatsala lonata, fungo osatha. Chimanga chonse chituluke kaye. Wopopera avale chigoba chenicheni chopumira, kansalu kapakamwa sikathandiza, ndipo ena nonse musalowemo mpaka patatha maola 24.

Za moto musazitenge mopepuka. Thovuli limayaka, utsi wake ndi wakuda ndiponso wapoizoni. Alipake penti yoletsa moto kapena mulibise ndi mabodi, mawaya a magetsi adutse m'mapaipi, ndipo munthu wowotcherera zitsulo asadzayandikire pamenepo. Za kuwotcherera mumalize zonse thovu lisanalowe, chifukwanso lata lomatidwa kale kulichotsa ndi nkhondo.

Mwanenanso zotseka mipata yonse. M'mphako za pakati pa denga ndi khoma tsekani, koma musiye malo otulukira mpweya kumtunda, mbali zonse ziwiri, muikepo sefa yachitsulo. Mukatseka paliponse chinyezi chimasowa kopita, chimanga n'kuchita chuku pomwe denga lili gwa. Chimangacho chiume mpaka chinyezi chake chitsike kufika pa 13 peresenti, ndipo matumba akhale pa mapaleti, motalikirana ndi khoma.

Tizitini ta thovu togulitsidwa m'mahadiweya tija ndi totsekera timipata ta m'mafelemu basi, simungamalize nato denga. Makoswe nawo thovu amaliboola bwinobwino, choncho m'mabowo a m'munsi muyambe mwaika sefa kapena simenti, thovu libwere pambuyo.