Kodi ndikhale kaye chete mpaka ndale zizizire?

Mayi wina wandilembera kalata. Amatsogolera gulu lolimbikitsa amayi kupikisana nawo pa zisankho. Akuti chiyambireni mpungwepungwe wa ndale m'dziko lawo, anthu akumutukwana pa Facebook, mamembala ena aleka kubwera ku misonkhano, ndipo abale ake akumuuza kuti akhale chete mpaka zinthu zizizire. Akufunsa ngati asiye kaye.

Mayi, musasiye, koma musinthe kagwiridwe ka ntchito. Nthawi ya chipwirikiti ndi imene malamulo amalembedwanso ndipo mipando imagawidwa mwatsopano. Wodikira bata amapeza anzake atagawana kale. Ku Rwanda, patadutsa kuphana kwa mu 1994, malamulo aakulu a dziko a 2003 anaika kuti mipando yosachepera 30 pa 100 iliyonse m'malo opangira ziganizo ikhale ya amayi. Pofika chisankho cha 2008, amayi anali ataposa theka la aphungu. Ndale za dzikolo zili ndi zokayikitsa zake, sindikukana, koma ndime imeneyi inalowa m'malamulo dziko lisanakhazikike.

Nkhani ya ku Liberia ndiyo ndikufuna muilingalire kwambiri. Mu 2003, nkhondo ili mkati, Leymah Gbowee ndi anzake anasonkhanitsa amayi achikhristu ndi achisilamu. Ankavala zoyera n'kukhala pansi pabwalo lina ku Monrovia, likulu la dzikolo, dzuwa kapena mvula, m'mbali mwa msewu womwe Pulezidenti Charles Taylor ankadutsa. Zokambirana za mtendere zitayamba kuchedwa ku Accra, m'dziko la Ghana, amayiwo anakhala pakhomo pa holo atakolowekana manja, kuti akuluakulu a nkhondo asatuluke asanagwirizane. Pangano linasainidwa mu Ogasiti chaka chomwecho, ndipo mu 2005 mayi Ellen Johnson Sirleaf anapambana upulezidenti wa Liberia.

Onani zomwe zinawateteza. Sanavale nsalu ya chipani chilichonse. Pempho lawo linali limodzi, mtendere, loti aliyense alimve. Ndipo anali ambiri moti kuopseza mmodzi sikukanathetsa ntchito. Inu m'kalata yanu mwalemba kuti ndinu amene mumayankhula pawailesi, kusunga ndalama za gulu, kuyitanitsa misonkhano ndi kuyankha otukwana. Apa ndi pamene pali vuto. Mutu umodzi susenza denga, ndipo adani a ntchito yanu akudziwa kuti akakufooketsani inuyo, gulu lonse lagwa. Gawanani ntchito sabata ino. Oyankhula pagulu akhale atatu kapena anayi, osinthana. Mamembala omwe achita mantha musawanyoze, apatseni zogwira kuseri: kulemba makalata, kusunga mabuku, kuyimbira anzawo foni.

Za matukwano, musamayankhe, makamaka usiku mutatopa. Jambulani uthenga uliwonse woopseza, tsiku ndi dzina la wotumiza zikuoneka, ndipo wina wodalirika asunge kope lake. Pezani loya woti muzimuyimbira vuto lisanafike.

Abale anu sakulakwa kuopa. Mayi Wangari Maathai wa ku Kenya, yemwe anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2004, anamenyedwa ndi apolisi mpaka kukomoka mu 1992 ku Uhuru Park ku Nairobi, ali ndi amayi omwe ankafuna kuti ana awo omangidwa pa zandale amasulidwe. Choncho khalani nawo pansi abalewo, muwauze komwe mukupita, amene mukupita naye ndi nthawi yobwerera. Mantha awo ambiri amachokera m'kusadziwa.

Ine mawu akuti "mayi wolimba" amandidetsa nkhawa, chifukwa nthawi zambiri anthu amawanena pomusenzetsa munthu katundu yemwe iwo akumuthawa. Gonani mokwanira, zimitsani foni tsiku limodzi pa sabata. Ndipo uthenga woopseza ukayamba kutchula komwe mumakhala kapena sukulu ya ana anu, imeneyo si nkhani ya matukwano ayi. Kanenani kupolisi muli ndi loya wanu, chokani kaye panyumbapo, ndipo mnzanu atenge udindo woyankhula pagulu kufikira mutaona kuti mwatetezeka.