Musalole kuti awotcherere paliponse pa nyumba yanu yazitsulo

Achimwene, mwafunsa ngati kuli bwino kuti mmisiri wanu awotcherere molumikizira monse mwa nyumba ya zitsulo zopyapyala imene mukufuna kumanga ku Karonga, poti iye akuti ikatero chivomerezi sichingaithe. Ine ndikuti musavomere. Nkhawa yanu ndi yomveka ndithu, pakuti Karonga ili m'chigwa cha Rift Valley, ndipo zivomerezi za mu Disembala 2009 zinagwetsa nyumba zambiri kumeneko. Koma kuuma gwa kwa polumikizira si kumene kumapulumutsa nyumba.

Ngakhale mainjiniya a ku America ankakhulupirira zomwe mmisiri wanu akunenazi. Pa 17 Januwale 1994 chivomerezi cha mphamvu ya 6.7 chinagwedeza dera la Northridge ku Los Angeles. Nyumba zazitsulo zambiri zinaoneka zabwinobwino, koma atakanganula zotchingira anapeza kuti powotcherera pang'aluka, makamaka kunsi kwa mtanda, pamene umakumana ndi mzati. Chitsulo sichinapindike n'komwe, chinangothetheka. Patatha chaka chimodzi ndendende, cha ku Kobe ku Japan chinaonetsanso vuto lofanana nalo. Mwa njira zomwe anatulukira pambuyo pake, ina ndi yosema dala m'mbali mwa mtanda, kapatali pang'ono ndi mzati, kuti kupindika kuchitikire pamenepo, polumikizira pakhale posakhudzidwa. Zili ngati fyuzi ya magetsi: mumasankha nokha chimene chiyambe kugonja, kuti zina zonse zipulumuke.

Zimenezo zinali zitsulo zochindikala. Zanuzi ndi zopyapyala, mwina milimita imodzi kapena kuposerapo pang'ono, zokutidwa ndi zinc kuti zisachite dzimbiri. Makina owotcherera a ndodo aja amaboola chitsulo chotere, n'kupserezanso zinc, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. M'fakitale, pa zitsulo zokhuthalako, kuwotcherera kumatheka bwino. Pamalo omangira, ma screw odziboolera okha ndi mabawuti ndiwo odalirika.

Pa nyumba ngati yanu, chimene chiyenera kugonja koyamba ndi malamba achitsulo opingasa pakhoma ngati X. Lamba amagwira ntchito pokokedwa pokha, akakankhidwa amangokhota. N'chifukwa chake amakhala awiri, wina agwire nyumba ikapita uku, mnzake ikabwerera. Amangidwe okungika, osati olendewera, apo ayi nyumba imayamba yasuntha lamba asanagwire. Tsono apa ndi pamene ambiri amaphonya: bowo lililonse la screw limachepetsa chitsulo cha lamba. Mukadzaza ma screw pamzere umodzi m'lifupi mwake, lamba amadukira m'mabowomo asanatamuke, ndipo khoma limatsala lopanda cholichirikiza nthawi yomweyo. Pakona pakhale kambale kachitsulo kokhuthalako, lamba agonepo, ma screw andandalikidwe m'litali mwake. Mpata wa screw ndi mnzake usachepere kunenepa kwa screw katatu, ndipo kuchoka m'mphepete usachepere kamodzi ndi theka. Mukasuzumira kuseri, muone mizere itatu yozungulira pathupi la screw itatulukira. Screw amene wazungulira mpaka kumangoyenda pachabe sakugwira kanthu, achotsedwe.

Chimene ndimadandaula nacho kwambiri ndi pansi. Lamba akakoka, mzati wa kumapeto kwa khoma umafuna kuzuka. Anthu amangokhomera chitsulo chogona pansi pa khoma ku konkire ndi misomali n'kumati zatha, chonsecho ndi chopyapyala, chimang'ambika. Kumapeto kulikonse kwa khoma la malamba kuyenera kukhala mizati iwiri yophatikizana, ndi chitsulo chapadera chotchedwa hold-down chomangirira mizatiyo ku bawuti wozama m'maziko, wokhala ndi washa wamkulu. Mabawutiwo aikidwe pothira konkire, kutali ndi m'mphepete. Mphamvu ya chivomerezi iyenera kukhala ndi njira yosaduka kuchokera kudenga, kutsika m'khoma, mpaka m'maziko. Hold-down yemweyo adzakuthandizaninso mphepo yamkuntho ikadzafuna kusasula denga, pakuti nyumba yopepuka mphepo imaivutitsa kwambiri.

Kupepukako musakutaye. Chivomerezi chimakankha nyumba molingana ndi kulemera kwake, ndiye malata aposa matailosi asimenti, ndipo thanki ya madzi ikhale pa nsanja yakeyake. Ngati mukufuna njerwa kunja, zimangiriridwe kuzitsulo ndi timawaya tolumikizira, chifukwa khoma loima palokha ndi limene limagwera anthu.

Kuchuluka kwa ma screw ndi kukula kwa lamba sizongoyerekeza. Pezani injiniya wovomerezeka awerengetse, ajambule polumikizira paliponse papulani, ndipo adzaone ntchitoyo makoma asanatsekedwe. Mumufunse molunjika kuti, nyumbayi ikagwedezeka, chiyambe kugonja n'chiti? Yankho likhale lamba, osati screw, mzati kapena bawuti wa m'maziko.