Chimene chimagwetsa ndege za akatswiri m'chifunga

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti oyendetsa ndege ophunzitsidwa bwino, amene akhala pantchito zaka zambiri, achite ngozi m'chifunga kapena m'mitambo pamene ndegeyo ili ndi zida zowauza pamene ali. Mmene ndikuonera, chifunga pachokha sichigwetsa ndege, koma chimaphimba maso, amene ndiwo amatulukira zolakwika zing'onozing'ono zisanakule.

Vuto lalikulu lili m'thupi mwa munthu. Mkati mwa khutu muli timachubu ta madzi timene timatiuza ngati tapendekeka, koma ndege ikakhota pang'onopang'ono kwa kanthawi, madziwo amakhazikika ndipo woyendetsa amamva ngati akuuluka mowongoka. Akaiwongoladi, thupi limamunamiza kuti wapendekekera mbali ina, ndiye amabwereranso m'kukhota komwe kuja. Liwiro likawonjezeka msanga amamvanso ngati akukwera, mwakuti amalozetsa mphuno ya ndege pansi. Zida zimakhala zikunena zoona nthawi yonseyi, koma kuzikhulupirira pamene thupi lonse likutsutsa n'kovuta kwambiri, ngakhale kwa katswiri. Bungwe la ku America lofufuza ngozi la NTSB linapeza kuti izi n'zimene zinachitika pa 26 Januwale 2020 ku Calabasas, m'dziko la America, pamene woyendetsa helikopita imene munali katswiri wa mpira wa basketball Kobe Bryant ananena pa wailesi kuti akukwera, chonsecho inali kutsika mokhota, ndipo anthu 9 anafa.

Palinso mtima wofuna kufika zivute zitani. Potera pa bwalo la ndege m'chifunga pamakhala malire a kutsika, ndipo woyendetsa akafika pamenepo osaona msewu woterapo amayenera kukweranso. Pa 10 Epulo 2010 ku Smolensk, m'dziko la Russia, ndege ya Tu-154 yonyamula Pulezidenti wa Poland Lech Kaczyński inapitirira malirewo m'chifunga, chida chochenjeza chikulira, ndipo anthu onse 96 anafa.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi ngozi ya pa chilumba cha Tenerife, ku Spain, ya pa 27 Malichi 1977, imene inapha anthu 583 ndege za makampani a KLM ndi Pan Am zitawombana pansi m'chifunga. Kaputeni wa KLM anayamba kunyamuka asanaloledwe, mauthenga a pa wailesi anasokonezana, ndipo injiniya wake atafunsa ngati ndege inayo yachoka mumsewu, iye anayankha motsimikiza kuti yachoka. Ngoziyi inathandiza kuti makampani ayambe kuphunzitsa aang'ono pantchito kutsutsa kaputeni mosaopa akaona choopsa.