Kwa amwene a Sorcerer: ma ritual saphunziridwa ndi magazi, ndi buku

Amwene, mwafunsa kuti khalakita yanu ya Sorcerer ingaphunzire bwanji ma ritual, poti mnzanu wa Wizard akungoponya Detect Magic (spelu yodziwira pamene pali matsenga) paliponse osatha ma slot (mipata yowerengeka yoponyera ma spelu) pomwe inu mwangoti kakasi. Ndiyankhe malinga ndi malamulo a 2014 a Dungeons & Dragons, masewera a madayisi, pepala ndi pensulo aja, poti ndi omwe timatsata ife kuno ku Area 25 Loweruka lililonse.

Choyamba, si spelu iliyonse imene ndi ritual ayi, ndi zokhazo zolembedwa choncho m'bukumo. Ukaiponya mwa ritual sudya slot, koma umawonjezera mphindi 10 pa nthawi yake, ndipo sungaikweze levo. Mtengo wowonjezera ndi nthawi basi. Ndiye musamalote zoponya ritual pakati pa ndeu, ma goblin sakudikirani kuti mumalize kujambula mizere pansi.

Tsopano nkhani yowawa ndi iyi: pa malamulo a 2014 Sorcerer alibe ma ritual. Matsenga ake ndi obadwa nawo, sanakhalepo pa desiki. Cleric ndi Druid amatha koma spelu ikhale yoti anaikonzekera tsikulo, Bard ikhale yoti amaidziwa kale. Wizard ndiye bwana, bola spelu ili m'buku mwake amaiponya ngakhale sanaikonzekere m'mawa, nchifukwa chake mnzanuyo akukuyang'anirani pansi kkkk.

Njira yanu ndi feat (luso lapadera losankhira khalakita) yotchedwa Ritual Caster. Imafuna mapointi a khalakita a Intelligence kapena Wisdom okwana 13 kupita m'mwamba, apa mpomwe ma Sorcerer ambiri amagwera chifukwa mapointi onse anakathira ku Charisma. Mukaitenga mumasankha kalasi imodzi, mumalandira buku lokhala ndi ma ritual awiri a levo 1, ena onsewo muzikopera nokha mukapeza scroll (pepala lolembedwapo spelu) kapena buku la wina. Kukopera kumadya maola 2 ndi golide 50 pa levo iliyonse ya spelu, ndiye ya levo 3 ngati Leomund's Tiny Hut ndi maola 6 ndi golide 150, komanso levo ya spelu isapitirire theka la levo yanu, ikakhala ndi kachidutswa mumakwezera m'mwamba. Ine ndinganene kuti sankhani mndandanda wa Wizard, muli Find Familiar, Identify, Alarm, zinthu zogwira ntchito osati zokongoletsa pepala.

Find Familiar, yoitanira kanyama kokuthandiza, ndimaikonda heavy chifukwa imamveka ngati zakwathu, umayenera kuwotcha makala, lubani ndi zitsamba za golide 10 m'kambaula ka mkuwa, mwa ritual zimatenga ola limodzi ndi mphindi 10, kenako kadzidzi wako uyo. Tsiku lina magetsi atathima tikusewera ndi kandulo, mnzathu akufotokoza zimenezi mokweza, azakhali anga anangotulukira pakhomo atamva za makala, lubani ndi kadzidzi, madayisi ali mbwee patebulo... mpaka lero amandipatsa moni mokayika. Ndiye mukamasewera pakhomo pa makolo yambani mwafotokoza kuti ndi masewera a pepala ndi pensulo, zisanafike kwa abusa.

Koma chimene ndikufuna DM wanu, woyendetsa gemuyo, amve ndi ichi, asamangonena kuti "chabwino wakopera, pitirizani". Bukulo lizipezeka movutikira, mwina lili ndi gogo wina wokhala kuphiri amene akufuna umugwirire kaye ganyu, mwina inki yabwinoyo ikupezeka mumzinda umodzi wokha, ndipo mphindi 10 zija zizikhala ndi mano, alonda akuyandikira, muuni ukutha, anzako akukukalipira kuti fulumira. Popanda zimenezo ritual imangosanduka spelu yaulere, Wizard azingoima pachitseko chilichonse kununkhiza matsenga mpaka gemu yonse kukhala ngati pamzere wa mafuta.

Mufunsenso kuti tebulo lanu likutsata buku liti. Mu malamulo a 2024 anasintha, aliyense woponya ma spelu akhoza kupanga ritual bola speluyo waikonzekera, ndiye Sorcerer wanu akhoza kuyamba Loweruka lomweli osagula feat. Ngati DM akakamira za 2014, dikirani levo 4, ndipo onani kaye Wisdom yanuyo musanasangalale.