Wobaya masingano pa Lizulu amamuyang'anira ndani?

Funso: Pa Lizulu pabwera bambo wina wochiza msana pobaya timasingano, akuti ndi njira ya ku China. Amayi anga akufuna kupitako. Kodi anthu oterewa alipo amawayang'anira? Ndine wowerenga wa ku Ntcheu.

Yankho: Achemwali, njirayi amaitcha acupuncture. Ine nkhawa yanga ili pa masinganowo. Singano imodzi ikabaya anthu awiri ikhoza kufalitsa HIV ndi matenda a chiwindi, choncho azitsegula paketi yatsopano inu mukuona. Mufunseninso chiphaso chake, poti madokotala ndi ena ogwira ntchito zachipatala amalembetsa ku bungwe lowayang'anira la Medical Council of Malawi potsata lamulo la 1987. Mukafuna kukadandaula za nkhaniyi kwa phungu wanu, musapite nokha. Pitani gulu, ndi kalata yodindidwa ndi amfumu, mukamupemphe akaitule nkhaniyi ku komiti ya zaumoyo ya Nyumba ya Malamulo.