Akuti ma stem cell si a Amalawi

Achemwali ena a ku Ndirande, amene akumaliza digiri ya sayansi ya zamoyo, andilembera imelo. Akufuna kuphunzira za ma stem cell (maselo amene amatha kusanduka mitundu ina ya maselo m'thupi) ndi kakulidwe ka mluza, koma aphunzitsi awo awauza kuti kuno kulibe ntchito zake, angopita ku kafukufuku wa malungo. Akufunsa ngati amvere.

Achemwali, mawu amenewo andilasa, chifukwa nane anandiuzapo. Ndili pasukulu ndinkachedwa mu labotale kuyang'ana mazira a chule pa maikulosikopu. Selo limodzi kugawikana pawiri, kenako panayi, mawa lake kampira ka maselo, masiku pang'ono kambululu kakugwedeza mchira. Ndinkadabwa kuti selo ili ladziwa bwanji kuti likhale diso, linzake likhale mtima. Ndinalemba pepala la kafukufuku amene ndinkafuna kuchita, ndikupita nalo kwa mkulu wina. Sanalitsegule n'komwe. Anangoti, "Mwana iwe, ana akutha ndi malungo, ndani akupatse ndalama za achule?" Ndinatuluka misozi ikulengeza. Kuyambira pamenepo ndakhala ndikuyeza magazi, ntchito yopulumutsa miyoyo imene ndimainyadira, koma funso lija silinandichoke mumtima.

Ndipo lero ndikunena mosapsatira kuti mkulu uja analakwa. Chule amene wasayansi wa ku Britain John Gurdon anagwiritsa ntchito mu 1962, Xenopus laevis, ndi wa kuno kummwera kwa Africa. Anatenga phata (mosungira majini) la selo la m'matumbo a mbululu, kuliika m'dzira lochotsedwa phata lake, mbululu ina n'kubadwa. Mu 2006 Shinya Yamanaka wa ku Japan anaonetsa kuti majini anayi okha amatha kubweza selo lokhwima la mbewa kukhala ngati la mluza. Awiriwa anagawana mphotho ya Nobel mu 2012. Mbuna za m'nyanja yathu nazo zili m'mathanki a mayunivesite a ku Ulaya ndi America, anthu akufufuza mmene nsagwada, mano ndi mawanga ake zimapangikira. Nyanja ndi yathu, nsomba ndi zathu, ndiye ife tizingowapalasira bwato basi?

Palinso china chimene chimandipsetsa mtima. Tapitani ku Limbe, kapena tsegulani WhatsApp, muone anthu akugulitsa timapaketi ta ufa totchedwa "stem cell", ati tichiza shuga, BP, sitiroko, zonse. Selo lamoyo silikhala mu ufa, ndipo chimene wameza chimagayidwa m'mimba. Agogo athu akutaya ndalama za chimanga pa zimenezi chifukwa oti n'kuimirira pa wailesi kufotokoza bwinobwino m'Chichewa ndi ochepa.

Nanga sickle cell, matenda a magazi ochita kubadwa nawo aja? Kumapeto kwa 2023 Britain ndi America anavomereza chithandizo chotchedwa Casgevy: amatenga ma stem cell a magazi a wodwalayo, kuwakonza ndi njira yosinthira majini yotchedwa CRISPR, n'kumubwezera. Mtengo wake ku America ndi madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi, pomwe ana ambiri obadwa ndi matendawa ali mu Africa muno. Tikapanda kukhala ndi athu odziwa ntchitoyi, adzalimbikira ndani kuti mtengo utsike?

Ndiye muchite chiyani

Labotale ya malungo musaikane, ilowereni ndi cholinga. Funsirani malo ku bungwe la kafukufuku la Malawi-Liverpool-Wellcome pafupi ndi Queens, kapena ku yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, muphunzire PCR (njira yochulukitsira DNA) ndi kulera maselo popanda kuwaipitsa, chifukwa manja amenewo ndi amene amafunidwa kulikonse. Masters yake muyenera kukachitira kunja, choncho yang'anani thandizo la maphunziro la Commonwealth ndi Beit Trust msanga. Alembereninso akuluakulu a malabotale ofufuza mbuna, muwauze kuti ndinu Mmalawi, mwawerenga pepala lawo liti, ndipo funso lanu ndi lotani.