Ndalama ya kompyuta ndinailipira zaka ziwiri

Amayi, mwafunsa ngati mulipire ndalama ya phunziro la kompyuta imene sukulu ya mwana wanu ikuitanitsa. Musanapereke, pitani mukaone chipinda cha makompyutacho ndi maso anu. Ine ndinalipira materemu asanu ndi limodzi pasukulu ina yomwe si ya boma, koma mwana wanga wamkazi anafika pa mayeso a MSCE atagwirapo kiyibodi katatu kokha.

Chinali chaka cha 2022, pamene namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi ku Kapichira mu Januwale, magetsi n'kumathima tsiku lonse. Eni sukulu anapezerapo pothawira. Ndinamva mochedwa kuti mwa makompyuta khumi amene anationetsa tsiku lolembetsa ana, atatu okha ndi amene ankayaka, ndipo aphunzitsi ankajambula kiyibodi pabolodi ndi choko kuti ana akopere m'makope.

Tsiku la mayeso a pulakitiko ya kompyuta sindidzaliiwala. Mwanayo anabwera madzulo n'kukhala pakhonde osavula yunifolomu, nsima inachita kuzizira m'mbale osaikhudza. Nditamuumiriza, anandiuza kuti analemba ntchito yoyamba ndi chala chimodzi, akufunafuna chilembo chilichonse, ndipo itakwana nthawi yoti asunge ntchitoyo sanadziwe podina. Sakanafunsa woyang'anira mayeso. Anangoyang'ana sikirini mpaka nthawi inatha, manja akunjenjemera. Anati, "Amayi, tanthauzo la spreadsheet (pulogalamu yowerengetsera manambala pakompyuta) ndimalidziwa pamtima, koma sindinaitsegulepo." Ndalama ya kompyutayo ndinkaipeza pogulitsa kaunjika padzuwa, ndipo usiku umenewo sindinagone tulo.

M'mawa mwake ndinapita kusukuluko, ndipo mwini wake anandiyankha mopanda manyazi kuti iye sapanga magetsi, pamene jenereta inkalira kuseri kwa ofesi yake. Munthu wotero amadya thukuta la makolo alibe chisoni, ndipo mpaka lero ndikadutsa pageti pake mtima umandiwawa. Chimandipweteka kwambiri n'chakuti kuyambira 2023 boma likupereka matabuleti m'sukulu za pulayimale kudzera mu pulogalamu ya BEFIT, ndipo amatchajidwa ndi sola ngakhale kumudzi kumene kulibe mapolo a magetsi. Nanga sukulu yolipiritsa yam'tauni inalephera bwanji kugula sola?

Komabe musamuchotse mwana wanu pa phunziroli, ndipo ngati akusukulu akukukakamizani, lipirani ndithu, chifukwa masiku ano ngakhale kufunsira malo kumayunivesite a boma kukuchitika pa intaneti. Koma funsani kuti makompyuta oyaka ndi angati, ana amakhala angati pa imodzi, ndipo mwana amaigwira kangati pasabata. Mayankhowo mukawamvenso kwa mwanayo, osati kwa ahedi okha. Loweruka lililonse mupite naye kwa anthu otayipa makalata pamsika, mulipire ola limodzi kuti azitsegula, kulemba ndi kusunga ntchito yekha.